Kuona maso a nkhono n'kudekha

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaigunda imabisa maso, ukaisiya imawatulutsa yokha. Mwambiwu umagwira ntchito intaneti ikamadukaduka, pomwe ambirife timathamangira kuloza chala kampani ya intaneti tisanafufuze.

Pofufuza, pulogalamu ya ping, yomwe Mike Muuss analemba mu 1983, imangokuuzani ngati seva ikuyankha komanso nthawi imene yankho latenga. Traceroute, ya Van Jacobson, imaonetsa njira yonse. Imatumiza paketi ya TTL 1, kenako 2, kenako 3 (TTL ndi nambala imene imachepa pa router iliyonse), ndipo router iliyonse imene TTL yatherapo imadziulula. Pa Windows mumalemba tracert.

Kudekha kumafunika apa. Mukaona nyenyezi (*) kapena mapaketi otayika pa router ya pakati, musafulumire kuiweruza. Router zambiri zimachepetsa dala mayankho a ICMP, omwe traceroute imadalira, pomwe mapaketi a anthu zikuwadutsitsa bwinobwino. Vuto lenileni ndi kutayika kumene kwayambira pa router ina n'kupitirira mpaka pa seva yomaliza. N'chifukwa chake mtr, yomwe imaphatikiza ping ndi traceroute, ndimaikonda kwambiri. Ilekeni itumize mapaketi 100 kapena 200, ndipo muyesenso madzulo anthu akachuluka pa intaneti.