Ng'oma imakoma ndi anzake

Khala apa pamphasa, mdzukulu wanga. Foniyo iike kaye pansi, sithawa. Tenga chikho cha thobwacho. Ndili ndi mawu, ndipo sindifulumira nawo.

Chibwerere kuchokera ku Lilongwe ndakhala ndikukuyang'ana. Ntchito ija itatha, unabwera ndi chikwama chimodzi ndi mtima wolemera. Masana umadzitsekera m'nyumba. Usiku ndimakumva ukutembenuka mpaka tambala woyamba. Nsima ukungoitsina pamwamba. Amayi ako akakufunsa, umati uli bwino. Ine sindinakufunse, chifukwa ndinaona kale. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Moto wako wafika padambo, tsono tchera khutu.

Dzulo anzako anabwera kudzakutenga. Akuti pasukulu paja ayamba maphunziro a ng'oma Loweruka lililonse masana. Kukupita anyamata, atsikana, ngakhale amayi obereka ana kumbuyo. Yankho lako ndinalimva ndili kuseri kwa nkhokwe. Unati ulibe mphamvu. Unati ng'oma si ya mkazi. Unatinso ndi zachikale. Zitatuzo ndiziyankha, chimodzi ndi chimodzi.

Ndiyambe ndi za mphamvu. Chaka chimene anatisiya agogo ako aamuna, ine ndinali monga uliri iwemu. Maliro ali pakhomo, anthu anali mbwee. Titameta, aliyense anabwerera kwawo. Nyumba inangoti zii. Madzi osamba ndinkawaona ngati ntchito yaikulu. Kumunda udzu unakula, ine ndili gone. Anthu ankabwera ndi mawu otonthoza, koma mawuwo ankathera pakhomo pa khutu.

Tsiku lina madzulo kunabwera amayi anayi a chimtali, anzanga aja tinkavina nawo. Sanandilalikire. Wina anandimanga chitenje m'chiuno, wina anandigwira dzanja, ulendo wa kubwalo. Tsiku loyamba ndinangokhala pachitsa. Lachiwiri ndinaomba m'manja. Patapita masabata, mnyamata woimba ng'oma yaing'ono sanabwere. Anandiika ng'omayo pakati pa miyendo, n'kunena kuti, "Inu munakhala ndi mwamuna katswiri wa ng'oma zaka zonsezi, gwirani apa." Ndinakana. Iwo anangoyamba nyimbo. Manja anga anatsatira okha.

Ndikukumbukira bwino madzulo amenewo. Mapewa amene anali ataumirira ngati khasu anayamba kumasuka. Thukuta linatsika mumsana. Mpweya unayamba kulowa mpaka pansi pa mimba. Zikhatho zinkatentha. Nyimbo itafika pokoma, mayi wina analiza nthungululu, ndipo ine ndinapezeka ndikuseka, misozi ili mbwembwembwe. Usiku umenewo ndinagona mpaka dzuwa linandipeza pamphasa. Mphamvu sindinapite nayo kubwalo, mdzukulu wanga. Ndinaitola komweko. Ukadikira kuti mphamvu ikupeze m'nyumba, udzadikira mpaka mvula ya chaka chamawa. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Usaganize kuti ndi matsenga. Kuimba ng'oma ndi ntchito ya thupi lonse. Mikono imakwera ndi kutsika osaleka. Msana umaongoka. Mtima umagunda mofulumira, magazi n'kuyenda bwino. A zaumoyo a bungwe la WHO amati munthu wamkulu azigwiritsa thupi ntchito yotulutsa thukuta mphindi 150 pa sabata. Ife kale sitinkawerenga mphindi. Tinali ndi mtondo. Tinkaima atatu pamtondo umodzi, uyu akakweza munsi, uyo watsitsa. Ukaphonya pang'ono, minsi igundana. Pomwepo tinkaimba zotiwawa za m'banja, ndipo pofika popeta gaga, mtima wapepuka. Lero mphale mumakonolera kuchigayo. Ufa umabwera msanga, n'zoona. Koma thukuta lija ndi macheza aja zinatsala pamtondo. Ng'oma ingakubwezere zimenezo.

Azakhali ako anamwino aja anandiwerengera nkhani ina. Ku London, akatswiri a sukulu ya zoimbaimba ya Royal College of Music anasonkhanitsa anthu ovutika maganizo. Ankawaphunzitsa ng'oma pagulu kamodzi pa sabata, mphindi 90, kwa masabata 10. Ng'oma zake zinali za kuno ku Africa, zotchedwa djembe, zochokera kumadzulo uko. Zotsatira zake anazilengeza mu 2016. Pofika sabata ya 6, kukhumudwa kunali kutayamba kuchepa. Pofika sabata ya 10, nkhawa nayo inatsika. Patatha miyezi 3 atawaonanso, anawapeza akadali bwino. Anayezanso malovu awo, n'kupeza kuti zizindikiro za kutupa kwa m'kati mwa thupi zinali zitayamba kusintha. Anzawo amene sanaimbe nawo ng'oma sanasinthe chotero.

Wamva pamene pagona nkhani? Phindu linaoneka sabata ya 6. Amene akanaleka sabata yachiwiri akanapita kwawo akunena kuti ng'oma ilibe ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbewu siimera tsiku lobzala. Ukapita Loweruka limodzi n'kubwera mtima ukadali wolemera, usanene kuti agogo ananama. Pitanso, ndipo upitenso.

Azakhali ako aja anandiuzanso za akatswiri ena a ku Oxford, motsogozedwa ndi Robin Dunbar. Iwowa mu 2012 anapeza kuti anthu amene angomaliza kuimba ng'oma, kuimba nyimbo kapena kuvina amapirira ululu kuposa amene amangomvetsera. Akuti thupi limatulutsa mankhwala akeake oziziritsa ululu. Ine ndinagwedeza mutu, chifukwa ndinaziona ndi maso. Agogo ako ankaimba ng'oma paukwati usiku wonse, zala zitang'ambika, osamva kanthu. Ululu ankaumva m'mawa posamba. Tsono taona. Nyimbo za m'foni zomwe umatseka nazo makutu zimakusangalatsa, sindikana. Koma womvetsera ndi woimba sadya mbale imodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mankhwala ali m'manja mwako momwemo.

Mwina uganiza kuti ungotenga ng'oma n'kumaimba wekha kuchipinda. Ayi. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Za kudambwe sindinena, si zanga. Koma zomveka pabwalo aliyense amazimva. Gule akatuluka, tamvetsera bwino. Gunda amalira ndi mawu aakulu, apansi, ofika pachifuwa. Mpanje amagwira njira osaitaya. Mbalule ndiye amalankhula ndi mapazi a wovina. Amayi ali apo ndi manja ndi nyimbo. Chotsapo chimodzi, gule wazizira. Ng'oma iliyonse imasiyira inzake mpata, ndipo kukoma kumakhala mumpatamo.

Apa ndi pamene pali mankhwala aakulu. Kuti ulowe pampata wako, uyenera kumvera mnzako. Khutu lili kwa iye, diso lili kwa mphunzitsi, manja ali pachikopa. Nanga maganizo a ntchito yotha ija alowera pati? Apeza khomo lotseka. Kwa ola limodzi mutu wako upuma. Ukaphonya, anzako sakuima. Amapitiriza, iwe n'kuwapeza kutsogolo. Ukajomba, Loweruka linalo akufunsa kuti unali kuti. Munthu amene ali ndi omufunsa safa msanga ndi maganizo. Pabwalo lotere mwana wa mfumu ndi mwana wamasiye amakhala mozungulira, palibe wakutsogolo. Wachibwibwi naye amalankhula bwino ndi manja. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chisoni ndi denga lolemera.

Tsono za ukazi. Anakuuza ndani kuti ng'oma si ya mkazi? Kuchinamwali amaimba ng'oma ndi ndani? Ndi anamkungwi ndi amayi anzawo, ndipo mwamuna safikako. Ng'oma zina zili ndi eni ake, zimenezo uzilemekeze ndipo usazikhudze. Koma za pasukuluzo ndi za aliyense. Ku Rwanda, ng'oma kale inali ya amuna okha, a kubwalo la mfumu. Dziko lija linaona zoopsa mu 1994, anthu ataphana okhaokha. Mu 2004, mayi wina dzina lake Odile Gakire Katese anasonkhanitsa amayi mumzinda wa Butare, umene lero akuutchula Huye. Anayambitsa gulu la ng'oma lotchedwa Ingoma Nshya, kutanthauza ng'oma yatsopano. Munali amayi amene abale awo anaphedwa. Munalinso amayi amene abale awo anapha. Anaima mzere umodzi, timitengo m'manja, n'kumaimba mogwirizana. Pamene pakamwa panalephera, manja anayamba. Gululo lafika mpaka kumaiko akutali. Ngati ng'oma inasenza katundu wotero, wako uilemera bwanji?

Chatsala ndi chija unati zachikale. Inde, ndi zakale. Nsima nayo ndi yakale, koma sunaileke. Abale athu Atumbuka kumpoto, cha ku Rumphi, ali ndi vimbuza. Munthu akavutika mumtima ndi m'mutu, samusiya yekha. Amayi ndi ana amamuzungulira akuimba ndi kuomba m'manja, amuna ali pang'oma, iye n'kuvina mpaka chom'sautsa chitapepuka. Makolo anadziwa kuti wodwala maganizo amafuna anthu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika vimbuza ndi gule wamkulu pa mndandanda wa chuma cha anthu a dziko lonse. Mu 2014 linaikaponso tchopa wa Alomwe. Ku Mua, m'boma la Dedza, bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni mu 1976, ndipo alendo amachoka kutali kudzaona magule athu. Mwezi wa Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi, ng'oma zili pakalapakala. Ena akulipira ndalama kuti aphunzire chimene iwe unabadwiramo. Madzi saiwala khwawa. Uli m'mimba, amayi ako ankavina nawe chimtali. Ng'oma unaimva usanaone dzuwa.

Ukapita, upite ndi khalidwe. Ukafika, upereke moni kwa mphunzitsi ndi manja awiri. Usathamangire ng'oma yaikulu. Yamba ndi yaing'ono, yobwereza mawu amodzimodzi. Idzakutopetsa, koma ndi imene imaphunzitsa khutu. Agogo ako ankati woimba ng'oma amayamba ndi kusonkha moto. Ndinkawaona akuiwamba, atayang'anitsa chikopa kumoto chapatali. Ankaisisita ndi chikhatho, n'kuigogoda ndi chala, n'kuibwezanso. Ikafika pake, ankamata phula pakati kuti mawu atsike. Wopupuluma amaiyandikiza kwambiri, chikopa n'kupsa. Chimene sukudziwa, funsa. Safunsa anadya phula.

Usamenye ngati uli ndi mlandu nayo. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Dzanja lizigwa lomasuka n'kudzuka lokha. Mphete ndi zibangili uvule, zimapweteka zala ndiponso zimaboola chikopa. Masabata oyamba udzatuluka matuza, mapewa adzawawa. Walira mvula walira matope. Pakapita nthawi zikhatho zidzalimba. Makutu uwasamale. Ng'oma zambiri m'chipinda chotseka zimagonthetsa. Muziimbira panja pansi pa mtengo, kapena mutsegule mazenera. Ukamva kulira m'khutu mutaweruka, dziwa kuti mwapyola muyeso, ndipo ulendo wina ukhale chapatali. Tenga botolo la madzi.

Chinanso ndi ichi. Pamene palira ng'oma, kachasu sakhala patali. Ndaona akatswiri a manja okoma atathera m'botolo. Ankati mowa umawapatsa mphamvu. Unawalanda manja, kenako banja, kenako moyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Maphunziro akatha, dzuwa lisanalowe, ubwere kunyumba.

Ndipo umvetse bwino apa. Ng'oma ndi ndiwo, siilowa m'malo mwa nsima. Ine ndimamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi m'mawa uliwonse, ndipo kubwalo ndimapitabe. Wodwala shuga asataye mankhwala chifukwa wayamba kuvina. Iwenso, tulo tikapitirira kukuthawa, kapena maganizo oipa ofuna kudzipweteka akakufikira, usabise. Undiuze ine, kapena amayi ako, usiku womwewo. Tidzapita nawe kuchipatala. Kumeneko kuli anthu amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo si zamanyazi. Matenda obisa ndiwo amapha.

Sindikulonjeza kuti ng'oma ikupezera ntchito. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu wogona tulo, wodya bwino, wokhala ndi anzake, amafuna ntchito ali chilili. Wodzitsekera m'nyumba mwayi umamudutsa pakhomo. Zimene ukuchita ndi thupi lako lero udzazikolola pa msinkhu wanga uno. Anzanga amene tinkavina nawo ambiri akuyendabe okha kupita kudimba. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Galu wamkota sakandira pachabe, mdzukulu wanga. Dzuka, lowa kuchipinda kwanga. Yang'ana kudenga, pamwamba pa mtanda. Pali chinthu chokulungidwa m'thumba. Ndi ng'oma yaing'ono ya agogo ako, ija ankaimbira chimtali. Chikopa chinafooka, koma mtengo wake ndi wamoyo. Mawa m'mawa upite nayo kwa amalume ako akaikunge ndi chikopa cha mbuzi tinapha ija. Pofika Lachisanu idzakhala itauma. Loweruka ndidzakusonkhera moto ndekha, ndikuonetse kawambidwe kake. Ukatero unyamuke, anzako asakudikire.

Mawu a akulu amakoma akagonera. Pita ukaitsitse, usamale mwaye ungakugwere m'maso.