Ichi Chakoma, Ichi Chakoma, Pusi Anagwa Chagada

Mwambi uwu unachokera pa khalidwe la pusi, nyama ya m'tchire imene imadumphadumpha m'mitengo pofunafuna zipatso. Pusi akaona chipatso chakupsa amachithamangira, koma asanachithyole maso ake amagwera pa china chooneka chokoma koposa, ndipo potaya nthambi imene anagwira asanagwiritsitse ina amagwa chagada, ndiye kuti kugwera kumsana, m'manja mulibe kanthu. Akuluakulu amanena mwambiwu podzudzula munthu wa mtima wosakhazikika, amene amayamba zambiri osatsiriza ngakhale chimodzi. Chofunika kuchizindikira n'chakuti mwambiwu sunyoza zipatsozo, pakuti zonse n'zokomadi. Chimene umadzudzula ndi kulephera kusankha chimodzi ndi kuchigwiritsa.

Chiphunzitso chimenechi chikuoneka bwino m'boma la Mchinji, limene lachita malire ndi Zambia komanso Mozambique, kumene foni ya m'manja yasintha kwambiri moyo wa alimi ndi amalonda. Chiyambireni Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, zomwe ndi njira zotumizira ndi kusungira ndalama pa foni, mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri amalandira ndalama kwa ejenti wa pa msika wakwawo popanda kukwera galimoto kupita ku banki. Chipata cha Mwami, chimene atsogoleri a Malawi ndi Zambia anachitsegula mu Disembala 2022 monga malo amodzi oonetsera ziphaso ndi katundu wa mbali zonse ziwiri, chafupikitsa ulendo wa ku mzinda wa Chipata ku Zambia, ndipo mitengo ya soya, mtedza ndi chimanga ya kumeneko ndi ya ku Lilongwe imamveka tsiku lomwelo m'magulu a WhatsApp.

Vuto limabadwa pamene nkhani zonsezi zafika nthawi imodzi kwa munthu mmodzi, pakuti iliyonse imadza ndi chikoka chake. Mlimi amene wamva kuti soya wakwera mtengo amasiya mtedza umene anauzolowera, ndipo popeza anzake ambiri amva uthenga womwewo n'kuchita chimodzimodzi, chaka chotsatira soya amachuluka pa msika, mavenda n'kutsitsa mtengo. Akamva kuti fodya wayenda bwino ku okushoni amatembenukiranso kumeneko alibe chigafa, ndiko kuti chisakasa choumitsiramo masamba, ngakhale luso losankha fodyayo. Wina amagulitsa matumba awiri a chimanga kuti ayambe geni yodutsitsa katundu pa malire, asanawerengere msonkho ndi kusiyana kwa mphamvu ya kwacha ya Malawi ndi ya Zambia.

Nthawi nayonso imatayika mwa njira yomweyo, ngakhale kuti kutayika kwake sikuoneka msanga. Ntchito ya kumunda ili ndi nyengo zake zosadikira munthu: mtedza ukachedwa kupaliridwa udzu umaulanda chakudya, ukachedwa kukumbidwa umatsalira m'nthaka, ndipo ukapanda kuumitsidwa bwino umagwidwa ndi chuku, nkhungu yotulutsa poizoni amene amawononga chiwindi ndi kuchititsa ogula a kunja kuukana. Wachinyamata amene watsegula foni kuti afunse mtengo wa mbewu, kenaka n'kutengeka ndi makanema a pa TikTok, mikangano ya pa Facebook ndi kubetcha pa mpira, amathera m'mawa wonse ndi bandulo yonse pa zinthu zimene chilichonse pachokha chinkaoneka chaching'ono. Ndi mtima womwewo wokhumba chokoma chatsopano umene akamberembere amaudyerera potumiza uthenga wabodza wakuti munthu wapambana mphoto.

Mwambiwu sulimbikitsa kukana zatsopano, popeza makolo omwewo ananenanso kuti safunsa anadya phula, kutanthauza kuti wosafufuza amalakwitsa. Kufunsa mtengo, kumvera ulangizi pa wailesi ya Mudzi Wathu kapena kuimbira mlangizi wa zaulimi ndi nzeru, malinga ngati munthu wayamba wadziwa chimene akufuna. Mlimi amene wasankha mbewu molingana ndi nthaka yake, antchito a pa banja lake ndi ndalama zimene ali nazo amagwiritsa ntchito foni pokwaniritsa chimene anakonza kale, ndipo akafuna kuyesa mbewu ina amayamba ndi kachigawo kochepa ka munda, kuti chaka chikavuta banja lisagone ndi njala.