Tisanapereke Ana m'Manja mwa Munthu



Tikamaliza Buku 3 la Ruhi, ambiri a inu mudzayamba kalasi ya ana pansi pa mtengo wa mango, pakhonde la mnzanu, kapena m'chipinda cha sukulu chobwereka. Ena mukadzafika pa Buku 5 mudzatenga gulu la achisodzera, azaka 12 mpaka 15. Mayi adzasambitsa mwana wake, kumudzoza mafuta ndi kumuuza kuti apite kwa aphunzitsi akaphunzire mapemphero. Kawirikawiri mayi ameneyo si Mbahá'í n'komwe. Watikhulupirira chifukwa wamva kuti timaphunzitsa ana kunena zoona ndi kukonda anzawo. Kapepala ka sabata ino kali ndi funso limene sitikonda kulitchula pagulu: kodi munthu amene tikumupatsa ana amenewa tikumudziwa bwino? Nanga akakhala nawo, pali wina amene akuona?

Mu uthenga wake wa Ridván m'chaka cha 2000, Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse inatikumbutsa kuti pa chuma chonse chimene gulu la anthu lingakhale nacho, ana ndiwo amtengo wapatali, ndipo ndi chuma chimene tangosungizidwa. Zaka zingapo izi zisanachitike, m'kalata ya pa 24 January 1993 yokamba za nkhanza kwa amayi ndi ana, Nyumbayi inanena mosapita m'mbali kuti mabungwe a Chibahá'í akhale maso ndipo asanyengerere pa nkhani yoteteza ana. Asabwezedwe ndi ziwopsezo, kapena ndi maganizo oti kukhala chete ndiko kungatipepukire. Kalata yomweyo inati kholo limene likudziwa kuti mnzake wa pabanja akuchita zachiwerewere ndi mwana lisatseke pakamwa, koma lithetse zimenezo msanga, mothandizidwa ndi Bungwe Lauzimu kapena akuluakulu a boma. Ngati mkazi akuuzidwa kuti asabise mwamuna wake weniweni, ife tingabise bwanji mphunzitsi wa kalasi ya ana?

Ndikufuna tione nkhani imodzi imene inachitikadi. John Smyth anali loya wotchuka ku England. Sanali m'busa. Anali munthu wodzipereka, wotsogolera misasa ya Chikhristu ya anyamata a sukulu pa nthawi ya tchuthi, wodziwa kulankhula za Mulungu, ndipo makolo ankanyadira mwana wawo akamayenda naye. Ankasankha anyamata ena n'kumawaitanira kunyumba kwake, n'kumawakwapula ndi ndodo mpaka magazi, amvekere ndi chilango cha machimo awo. Mu 1982 atsogoleri ochepa analandira lipoti lofotokoza zonsezi. Sanapite nalo kupolisi. Anaopa kuti ntchito ya Mulungu inyozeka. Mu 1984 Smyth anasamukira ku Zimbabwe, ndipo kumeneko anayambitsanso misasa ya anyamata. Makolo a ku Zimbabwe sanauzidwe chimene chinamuchotsa kwawo. Mu 1992 mnyamata wa zaka 16 anapezeka atafa pa umodzi mwa misasayo. Smyth anadzapita ku South Africa, ndipo anamwalira ku Cape Town mu 2018 asanaimepo pamaso pa bwalo la milandu la ku England. Lipoti la Keith Makin limene linatuluka mu November 2024 linapeza kuti anyamata oposa 100 anavutika m'manja mwake, ambiri a iwo kuno ku Africa. Patangopita masiku ochepa, Justin Welby, Archbishop wa Canterbury, analengeza kuti akutula pansi udindo.

Sindikunena izi kuti tiloze chala abale athu a mpingo wina. Bahá'u'lláh amatiphunzitsa kuyanjana ndi anthu a zipembedzo zonse mwachikondi, ndipo zoterezi zachitika m'mipingo yambiri, m'masukulu, m'magulu a masewero ndi m'mabanja. Ndikuzinena chifukwa anthu amene anabisa lipoti la 1982 sanali zigawenga. Anali anthu opemphera, okonda ntchito yawo monga mmene ife timakondera yathu. Anaganiza kuti munthu akachoka, vuto lachoka. Koma vutolo linangowoloka nyanja n'kukagwera ana a anthu ena.

Tsono ife tili ndi chifukwa china chokhalira tcheru. M'Chipembedzo chathu mulibe abusa kapena ansembe. Aliyense akhoza kudzuka n'kutumikira, ndipo timalimbikitsa zimenezo: wamaliza buku, yamba kalasi. Ichi ndi chinthu chokoma kwambiri, ndipo sindikufuna kuti chisinthe. Komabe khomo lotseguka chotere alowapo ndi amene. Munthu wofuna ana ndi mtima woipa sapita kumene kulibe ana. Amapita kumene ana asonkhana, kumene anthu ake ndi okoma mtima, ndiponso kumene antchito akuchepa kotero kuti aliyense wodzipereka amalandiridwa ndi manja awiri. Tikavomereze, madera athu ambiri ali choncho. Ana 40, mphunzitsi mmodzi. Akabwera wina n'kunena kuti ndithandize nawo, timangothokoza Mulungu.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za kunja. Kafukufuku amene boma la Malawi linachita mu 2013 mothandizana ndi UNICEF anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Ambiri mwa ochita zimenezo anali anthu amene mwanayo ankawadziwa kale. Werengani ana a m'kalasi mwanu ndipo muganizire manambala amenewa. Muonenso kuti anyamata ali momwemo. Ife tinazolowera kulondera atsikana okha.

Munthu wotere sayamba ndi choipa. Amayamba ndi zabwino zokhazokha, mwina kwa miyezi. Amasankha mwana mmodzi, kawirikawiri wamasiye, kapena amene kwawo kuli njala kapena mikangano. Amamugulira mandasi ndi makope, kumulipirira kabaza, kumuika mayunitsi. Amadziwana ndi makolo mpaka amamutcha malume. Kenako pamabwera tizinsinsi ting'onoting'ono: usakauze anzako kuti ndakupatsa, angachite nsanje. Kenako mauthenga a pa WhatsApp usiku. Kenako, utsalire tikatha kalasi undithandize kutolera mabuku. Pofika tsiku loipalo mwana amakhala atamangidwa kale ndi mphatso ndi manyazi, ndipo amadziwa kuti akanena, akuluakulu adzati, iwe, bambo abwinobwino aja? Akale anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhope, ulemu ndi kuloweza mapemphero ambiri sizitiuza zimene munthu amachita akakhala yekha ndi mwana.

Nanga tichite chiyani? Choyamba n'chosavuta koma n'chimene timachita nacho manyazi: kufunsa. Munthu asanapatsidwe kalasi, anthu awiri otumidwa ndi Bungwe Lauzimu la m'dera akhale naye pansi. Amufunse kumene wakhala, kumene anagwirako ntchito ndi ana, ndi chimene anachokera. Atchule anthu awiri osakhala abale ake amene angamuchitire umboni, ndipo anthuwo aimbiridwedi foni, osati kungolemba mayina awo papepala. Ngati wachokera kudera lina, Bungwe la kuno lilankhule ndi la kumene wachokera. Ngati ndi watsopano pakati pathu, ayambe wayenda ndi mphunzitsi wina kwa miyezi ingapo, palibe chothamangira. Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthu alibe mlandu ndi yabwino pamene ingapezeke, koma tisaidalire kwambiri. Imangonena za amene anagwidwapo, ndipo Smyth akanaitenga mosavuta.

Kufunsaku kukhale kwa aliyense. Membala wa Bungwe Lauzimu afunsidwe, amene wakhala Mbahá'í zaka 30 afunsidwe, wotsogolera maphunziro ngati ine afunsidwe. Tikamafunsa alendo okha, ndiye kuti tikusankha anthu, ndipo wofunsidwayo adzamva kunyozeka. Tikamafunsa onse, palibe wonyozedwa. Bahá'u'lláh anaika kukhulupirika pamalo apamwamba kwambiri, monga khomo la chitetezo cha anthu. Munthu wokhulupirika sakwiya akaonedwa. Msungichuma wa Bungwe amabweretsa malisiti pa Phwando la Masiku 19, ndipo palibe amene amaganiza kuti tamutcha wakuba. Ngati timawerengetsa makwacha, ana tingawasiye osawerengetsa?

Koma kufunsa pakokha sikukwanira, chifukwa wabodza amayankhanso bwino. Chimene chimateteza kwambiri ndi kakonzedwe ka kalasi. Pakhale akuluakulu awiri nthawi zonse, ndipo ndi bwino asakhale a banja limodzi. Mmodzi akalephera kubwera, itanani kholo lidzakhale pamphasa. Likasowa, kalasi ilephereke tsiku limenelo. Malo akhale oonekera, chitseko chotsegula. Palibe kutsalira ndi mwana mmodzi, palibe kumuitanira kunyumba, palibe kumuperekeza wekha kukada. Uthenga wa pafoni upite kwa kholo kapena pagulu. Pa misasa yogonera, anyamata kwaokha, atsikana kwaokha, ndipo wamkulu asagone yekha ndi ana m'chipinda. Ndodo ndi mawu otukwana zilibe malo. 'Abdu'l-Bahá analetsa kumenya mwana kapena kumunyoza, pakuti kutero kumapotoza khalidwe lake. Malamulo amenewa amatetezanso mphunzitsi wosalakwa, chifukwa amene sanakhalepo yekha ndi mwana ndi wovuta kumunamizira.

Ndiime pang'ono pa magulu a achisodzera, chifukwa apa ndi pamene ndimaona kuti sitiganizapo mokwanira. Otsogolera magulu amenewa ambiri ndi achinyamata azaka 17, 19 kapena 22, ndipo m'gulumo muli atsikana azaka 14 ndi 15 amene amawaona ngati achimwene odziwa zonse. Zaka zayandikana, mitima ndi yanthete, amayenda limodzi kukachita ntchito zotumikira mudzi. Pamenepa chibwenzi chikhoza kuyamba popanda wina kukonzekera choipa, koma chikayamba ndi nkhanza ndithu, chifukwa mmodzi ali ndi mphamvu pa mnzake. Tisasokonezeke ndi zaka 15. M'malamulo a Chibahá'í, pa msinkhu umenewo munthu amayamba udindo wa pemphero ndi kusala kudya. Koma malamulo aakulu a dziko la Malawi, kuyambira pamene anasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo ife timalamulidwa kumvera malamulo a boma. Wachinyamata aliyense auzidwe izi momveka asanayambe gulu, osati vuto litagwa.

Tsopano chimene chimatimanga pakamwa ife a Bahá'í. Mu Buku 1 tinaphunzira kuti miseche imazimitsa kuwala kwa mtima, ndipo Kitáb-i-Aqdas imailetsa. Tinaphunziranso kuyang'ana zabwino za anzathu ndi kuphimba zolakwa zawo. Ndiye munthu amaona chinthu chokayikitsa n'kunena mumtima kuti, ndikanena ndichimwa. Abwenzi, miseche ndi kukamba zolakwa za munthu kwa anthu amene sangachitepo kanthu, pachitsime, pamaliro, pa gulu la WhatsApp. Kukauza amene ali ndi udindo woteteza mwana si miseche. Ndipotu amene wanena kwa oyenera safunikanso kunong'oneza wina aliyense.

Chimodzimodzi kukhululuka. 'Abdu'l-Bahá anasiyanitsa bwino za munthu payekha ndi za gulu. Iwe ukalakwiridwa ukhoza kukhululuka, ndipo ndi chinthu chapamwamba. Koma gulu lili ndi udindo woteteza anthu ake, ndipo limayendera chilungamo. Anachenjezanso kuti kukomera mtima munthu wankhanza kapena wonyenga kumangomulimbitsa m'njira yake. Sindingakhululuke m'malo mwa mwana amene wapwetekedwa, ndipo sindingamukakamize kuti akhululuke kuti ife tipume. Munthu akalapa, zimenezo zili pakati pa iye ndi Mulungu. Kulapa sikumubwezera kalasi ya ana.

Mwana akakuuzani chinthu, khalani pansi ndi kumvetsera. Musakuwe, musamufunse kuti unkatani kumeneko, musamulonjeze kuti simuuza munthu. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo iye sanalakwe. Mukatero lembani mawu ake monga wanenera, ndi tsiku lake. Musapite kukafunsa wotchulidwayo, ndipo musawakumanitse kuti amve mbali zonse. Kufufuza si ntchito yathu. Ngati wagwiriridwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Nenani ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana akhoza kuimba yekha. Lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana linakhazikitsidwa kuti nkhani zotere zifike kwa oyenera. Si nkhani ya chindapusa cha mbuzi kwa amfumu, kapena yoti akuluakulu a mabanja awiri akambirane kuseri.

Bungwe Lauzimu liuzidwe, ndi membala wa Auxiliary Board woona za chitetezo. Bungwe limuimitse munthuyo pa ntchito ya ana pamene nkhani ikufufuzidwa, lisunge dzina la mwana, ndipo liyende ndi banjalo, chifukwa pa nthawi yotere anthu amathawa banja la mwana n'kukaunjikana kwa wamkuluyo. Koma Bungwe si polisi ndipo sililowa m'malo mwa polisi. Ngati wotchulidwayo ali m'Bungwe momwemo, atuluke pokambirana, ndipo nkhani ipite ku Bungwe Lauzimu la Dziko. Akasamuka, kumene akupitako adziwitsidwe.

Tisanakumanenso, aliyense apite kukaona kalasi imodzi ya ana kapena gulu limodzi la achisodzera m'dera lathu. Muone kuti pali akuluakulu angati, akukumana pati, akuweruka nthawi yanji, ndipo ana akubwerera ndi yani. Mufunse ana awiri kapena atatu kuti wina atawachita chinthu chowasowetsa mtendere angakauze yani. Zimene mupeze tidzazilemba pamodzi, ndipo awiri a ife adzazitengera ku Phwando likubwerali kuti zikafike ku Bungwe.