Cikwama cimene sindinalandire

Kwathu kuno ku Angónia mlendo sacoka yekha pakhomo. Timamunyamulirako kathumba, kumuperekeza mpaka pamtsinje kapena pamphambano, ndipo pamenepo timamubwezera katundu wake ife n'kutembenuka. Akamabwera timamucingamira, n'kumulandira zimene wasenza asanafike pabwalo. Ndacita zimenezi moyo wanga wonse osaziganizirapo. Ndinayamba kuziganizira caka catha, m'dziko la eni, mwana wanga wamkazi atandipempha kuti ndimuperekeze pa ulendo umene mtima wanga unkaukana.

Mwanayu amagwira nchito ku Cape Town, ndipo ine ndinali nditapita kukawaona iye ndi mwamuna wake. Tsiku lina titatha kudya anandiuza kuti iye ndi anzake anayi akukayenda pansi m'cigwembe ca mtsinje wa Fish River, kummwera kwa Namibia. Cigwembeci n'cotalika makilomita pafupifupi 160, ndipo malo ena n'cozama mamita oposa 500. Oyenda amatsikira pafupi ndi Hobas n'kukatulukira ku Ai-Ais, mtunda woposa makilomita 80, masiku anayi kapena asanu. M'katimo mulibe mudzi, mulibe sitolo, foni siigwira. Cakudya, pogona ndi mphika, zonse umasenza wekha kumsana, madzi umatunga mumtsinje. Njirayi amaitsegula m'miyezi yozizira yokha, kuyambira ca mu Meyi mpaka pakati pa Sepitembala, cifukwa nthawi yotentha dzuwa la m'menemo limapha ndipo mtsinje umatha kusefukira. Salola munthu kulowa yekha, muyenera kukhala atatu kapena kuposerapo, ndipo aliyense amaonetsa kalata ya dokotala yonena kuti thupi lake lili bwino.

Ndinamufunsa kuti kumapeto kwa njirayo kuli ndani. Anati kulibe aliyense. Ndinafunsa ngati akawalipira. Anaseka, nati ndi iwo amene alipira.

Owerenga a msinkhu wanga mukudziwa kale cimene cinandiwawa. Mu 1986 nkhondo itafika m'midzi yathu tinanyamuka usiku kulowera ku Dedza, wapansi, m'njira za m'chire. Mwana ameneyu anali kumsana kwa mayi ake, ali ndi miyezi yowerengeka. Ine ndinasenza mphasa, mphika ndi kaufa kamene tinatha kutapa. Mayi ake anafika ku Malawi mapazi atang'ambika, ndipo mpaka tsiku limene anatisiya sanafune kumva za ulendo wapansi wopitirira kumunda ndi kuchalichi. Tinabwerera kwathu pambuyo pa mtendere wa 1992. Zaka zonse zimene zinatsatira, fodya ndi mbatata zimene ndinkagulitsa kuti mwanayu aphunzire zinali ndi colinga cimodzi: asadzayendenso ngati mmene tinayendera ife. Lero iye ali ndi galimoto pakhomo, ndipo akukagula ndi ndalama zake cinthu cimene ife tinkapempha Mulungu kuti aticotsere.

Ndinamuuza zimenezi, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinati akuseweretsa miyendo imene mayi ake anaipulumutsa. Iye anangoti, “Ababa, sindikupemphani cilolezo. Ndikupemphani kuti mukandiperekeze, ndiponso kuti ndikakupezeni kumapeto.”

Usiku umenewo sindinagone, ndipo funso limene linandigwira ndi limene ndikulibweretsa kwa inu. Munthu amene umamukonda akasankha njira yowawa imene iwe suona phindu lake, cikondi cimafuna uciteko ciyani? Kumuletsa kumaoneka ngati cikondi, ndipo nthawi zina n'cikondidi. Mwana akafuna kuwoloka mtsinje wodzaza timamugwira dzanja, sitifunsa maganizo ake. Koma wanga si mwana wa pamsana. Ndi mayi wa zaka pafupifupi makumi anayi, anali atakonzekera miyezi yambiri akukwera mapiri a ku Cape Town ndi cikwama kumsana, dokotala anali atamuyeza. Ngozi inalipo, koma sinali ya munthu wopusa. Nditafufuza bwino mumtima mwanga ndinapeza kuti mantha anali ocepa kuposa mkwiyo. Ndinkaona ngati kuvutika ndi cuma ca ife amene tinathawa nkhondo, ndipo iye akucitenga ngati masewera. Ndiponso, ndinene poyera ngakhale n'zocititsa manyazi, ndinkaona ngati miyendo yake ili ndi ngongole kwa ine.

Apa ndi pamene mwambo wa kuperekeza unandithandiza. Kodi tikamaperekeza mlendo timayamba tavomereza ulendo wake? Ndaperekezapo acibale opita ku Joni pamene ine ndinkaona kuti akanakhala n'kulima. Ndaperekezapo mlongo wanga kubwerera ku banja limene sindinkalikhulupirira. Tinkanena maganizo athu m'nyumba, kenaka tinkamumangira kamba n'kutuluka naye. Woperekeza amauza mnzake kuti: njirayi ndi yako, koma sucoka ngati munthu wopanda abale. Amene wakana kuperekeza saletsa ulendo. Amangocititsa kuti wapaulendo anyamule katundu wina pamwamba pa amene ali naye kale, ndiye mawu owawa a kunyumba.

Sindikunena kuti ndinasintha maganizo pa za cigwembeco. Mpaka lero ndimaona kuti munthu angathe kudziwa mphamvu zake polima dimba. Koma m'mawa mwake ndinakazinga nsinjiro, n'kuziika m'kathumba, ndipo iye anaziyeza pasikelo asanazilonge, cifukwa m'cikwama cotere ngakhale supuni imawerengedwa. Zinandipweteka pang'ono kuona kamba wa bambo akuyezedwa ngati fodya wa pamsika. Anacotsako theka.

Tinayenda pagalimoto ndi mkamwini wanga, kuwoloka mtsinje wa Orange kulowa m'Namibia. Pamalo otsikira ndinasuzumira pansi ndipo mawondo anandigwedera. Dziko linangong'ambika, miyala yokhayokha yofiirira, mtsinje ukuoneka kutali ngati ulusi. Poyambira penipeni anamangapo maunyolo ogwirira cifukwa n'potsetsereka kwambiri. Ndinanyamula cikwama cake kucokera pagalimoto mpaka pamenepo, masitepe osakwana makumi asanu, ndipo cinali colemera ngati thumba la cimanga losadzaza. Ndinamuthandiza kucikoleka. Tinawayang'ana akutsika mpaka anasanduka timadontho, kenaka sitinawaonenso.

Za masiku odikira anthu sakambapo kawirikawiri, koma ndi pamene pali nchito yeniyeni ya wotsala. Ku Ai-Ais kuli akasupe a madzi otentha, ndipo dzinalo m'cinenero ca anthu a mtundu wa Nama limanena za kutentha kwa madziwo. Alendo amasambira, amawocha nyama, amaseka. Ine ndinkangokhala pamthunzi kuyang'ana kumene mtsinje ukucokera. Kunalibe cimene ndikanacita. Sindikanamuimbira foni, sindikanamutumizira madzi, ngakhale kumukalipira sindikanatha. Mkamwini wanga, munthu wofatsa, ankandiwerengera pamapu kuti lero mwina afika pa akasupe a sulufule pamene pali mitengo ya kanjedza, mawa adutsa pa manda a msilikali wa ku Germany amene anafa mu 1905 pa nkhondo ya Ajeremani ndi Anama. Manda amenewo anandikhala m'mutu. Ndiye kuti m'miyala imeneyi munayendanso anthu amene sanalipire kuti ayende, anthu onga ife a mu 1986. Ndinadzifunsa ngati iwo akanakwiya kuona zidzukulu za anthu ena zikuyendamo mwa kufuna kwawo. Mwina akanakwiya. Mwinanso akanati n'cimene tinkafuna, kuti idzafike nthawi yoti munthu alowe muno popanda womuthamangitsa. Ine ndinali ndisanaganizepo kuti kusankha kuvutika nakonso ndi cipatso ca mtendere, ngakhale cili cipatso cimene sindikanachola ndekha.

Tsiku lacitatu usiku kunazizira kwambiri, ndipo mantha amene ndinkati ndi ocepa anakula. Ndinadzuka n'kukhala panja. Ndinakumbukira kuti pa ulendo wathu uja bambo anga okalamba anatsala m'mudzi, anakana kunyamuka, ndipo anatiperekeza mpaka kumapeto kwa munda wawo. Zaka zonsezi ndinkaganiza za kuvutika kwa ife amene tinayenda. Za usiku umene iwo anagona okha, osadziwa ngati tawoloka, ndinaziganizira koyamba nditakhala pa mwala wa ku Namibia ndili ndi imvi.

Tsiku lacisanu dzuwa litapendeka, mkamwini anati, “Bambo, si awo?” Ndinanyamuka osadikira. Ndinayenda mumcenga kukawacingamira, mtunda ndithu, mpaka ndinakumana nawo. Mwana wanga anali wakuda ndi fumbi, milomo itauma, akutsimphina mwendo wakumanzere. Ndinacita cimene munthu aliyense wa kwathu akanacita, ndinagwira lamba wa cikwama kuti ndimulandire.

Anagwira dzanja langa. “Ababa, cisiyeni. Ndacisenza kucokera kuja, ndikufuna ndikacitule ndekha.”

Kunena zoona, zinandilasa kuposa mawu onse a ku Cape Town. Bambo wamanja-manja, mwana wake wamkazi akutsimphina ndi katundu pambali pake: kwathu anthu akanandiseka mpaka kumanda. Ndinatsala pang'ono kulimbana naye. Koma ndinaona nkhope yake ndipo ndinacotsa dzanja. Tinayenda limodzi pang'onopang'ono, iye ndi cikwama cake, ine manja ali kumbuyo ngati mlonda wa sukulu. Panjira anandiuza kuti nsinjiro zinatha tsiku laciwiri, ndipo anzake anamudandaula cifukwa ca theka limene anasiya.

Atafika anatula cikwama pansi, nakhala pa udzu, nayamba kumasula nsapato. Zala ziwiri zinali ndi matuza ophulika, cikhadabo cimodzi citada. Ndinapita kukapempha beseni kwa anthu a pamalopo, ndinathiramo madzi ofunda ndi kamcere pang'ono monga ankacitira mayi ake, ndipo ili lokha sanalikane.