Kodi Ngozi ya pa Msewu Ndi Chifuniro cha Mulungu?

Abale anga, Khrisimasi yayandikira, ndipo msewu wa M1 wadzaza apaulendo. Ena akuchokera ku Joni kudzera pa Mwanza ndi pa Dedza, ena akutsika mapiri a Chiweta, msewu ukuterera ndi mvula ya Disembala. Galimoto ikagubuduka, ife timati: linali tsiku lake, Mulungu watenga. Kodi mau amenewa ngoona?

Iai. Mulungu adatipatsa moyo, natipatsanso nzeru zousungira. Tayala lakutha silidagwe kumwamba: mwini wake adaliona, koma adakonda ndalama. Dalaivala amene ayendetsa atamwa mowa, kapena maso ali ndi tulo, aphwanya lamulo lachisanu ngakhale afike bwino, pakuti tchimo lili m'kusewera ndi moyo wa mnzake. Nanga inu okwera? Mukalowa m'minibasi yodzaza kale, mukakakamiza dalaivala kuti athamange, mukakhala chete poona choipa, mlandu muli nawo inunso.

Aphunzitsi a Mpingo, monga Tomasi woyera wa ku Aquino, amati kuchenjera ndiwo ukoma wotsogolera maukoma ena. Tsono konzani ulendo nthawi ikadalipo: sungani ndalama yokwerera, nyamukani m'mamawa, pewani kuyenda usiku, valani chisoti pa njinga ya moto. Pempherani kwa Kristofa woyera, nkhoswe ya apaulendo. Koma pemphero silikonza mabuleki. Kupempha chitetezo uku mukudziponya dala m'ngozi ndiko kumuyesa Mulungu. Akulu adati kuthamanga si kufika. Ana kumudzi akudikira inu, osati bokosi.