Lilime Logulitsidwa

M'chaka cha 1999, ku Australia kudaululika nkhani yomwe idakhumudwitsa omvera wayilesi ambiri. John Laws, muulutsi wotchuka wa 2UE mumzinda wa Sydney, yemwe kale ankadzudzula mabanki, adayamba kuwayamikira. Anthu ankati wasintha maganizo, osadziwa kuti bungwe la mabankiwo lidagwirizana naye zomulipira.

Kutsatsa malonda si tchimo. Tchimo limalowa pamene muulutsi wabisa kuti walipidwa, n'kumalankhula ngati akupereka uphungu wochokera pansi pa mtima. Mayi amene amamva liwu lake m'mawa uliwonse amamutenga ngati mbale. Akagula mankhwala kapena kutenga ngongole chifukwa cha mawu akewo, chimene chagulitsidwa ndi chikhulupiriro cha mayiyo.

Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu silithera m'bwalo la milandu, limafikanso pamayikolofoni. Yakobo Woyera amafanizira lilime ndi chiwongolero chaching'ono chimene chimakhotetsa chombo chachikulu (Yakobo 3:4-5). Choncho muulutsi wachikhristu anene poyera amene wamulipira, ndipo akane kutamanda chinthu chimene sangapatse ana ake.

Ambuye ayeretse milomo ya onse olankhula pawayilesi. Amen.