Kodi Lamulo Likhoza Kuyamwitsa Mwana?

Pali funso limene anthu acikulire amafunsa pakumva kuti Boma laika malamulo a kayamwitsidwe ka makanda m'zipatala. Ati, Kodi mbuzi inaphunzira kwa yani kuyamwitsa? Nanga amai athu amene anatibalira m'cikuta, kodi anayamba adikira kalata yocokera ku Lilongwe kuti atipatse bere? Funso ili siliri lopusa ai, ndipo sitiyenera kulinyoza, pakuti ziripo zinthu zimene lamulo silingathe kuzicita. Lamulo likhoza kumanga mbala, koma silingaipatse mtima wokhutira. Likhoza kulanga womenya mkazi wace, koma silingabzale cikondi m'nyumba. Ngati tsono kuyamwitsa kuli nchito ya cifundo ca mai, Boma lifunapo ciani?

Tiyambe takumbukira umo zinakhalira kale. Mkazi akacira, anali m'manja mwa nchembere za pamudzi, nakhala m'cikuta kufikira mcombo wa mwana utagwa. Masiku onse amenewo agogo ace kapena apongozi ace anali pambali pace, namuonetsa kagwiridwe ka khanda, namdzutsa usiku kuti ayamwitse. Cotero iwo amene amati cibadwa cokha ndico cinaphunzitsa amai athu aiwala kanthu. Anaphunzitsidwa ndi anthu. Sikuti zonse anaphunzitsidwazo zinali zabwino ai. M'midzi yambiri mkaka woyamba wacikasu uja, umene tiucha cithuwi, unafinyiridwa pansi ngati cinthu conyansa, ndipo khanda linamwetsedwa madzi a zitsamba ndi phala lamadzimadzi lisanathe mwezi. Ndipo manda ang'onoang'ono anacuruka. Koma cinthu cimodzi cinali cokoma: mtsikana wobereka koyamba sanasiyidwe yekha.

Lero ubereki wasamuka. M'caka ca 2007 Boma la Malawi linaletsa azamba a kumudzi kubereketsa, ndipo mafumu ambiri anaika cindapusa ca mbuzi kapena nkhuku pa banja limene mkazi wace acirira kunyumba. Akazi anayamba kunka kucidikiro ndi mitolo yao, kotero kuti kawerengedwe ka dziko lonse ka 2015 ndi 2016 kanapeza kuti mwa ana 100 ali onse, 91 anabadwira kucipatala. Ici ncabwino ndithu, pakuti akazi ambiri amene akadafa ndi kutaya mwazi ali moyo lero. Koma taonani kumene kwagona mlandu. Woitana mlendo ndiye amuyalira mphasa. Boma linacotsa mkazi m'manja mwa nchembere, nati, Idza kwa ine. Potero linadzisenzetsa lokha nchito imene nchemberezo zinali kucita. Ngati cipatala cingoturutsa mwana wamoyo, nicinena, Yathu yatha, pamenepo mkaziyo walandidwa aphunzitsi ace osapatsidwa ena m'malo mwao. Cifukwa cace ife tinena kuti lamulo ili nloyenera, koma mwini wace womangidwa nalo si mai. Limanga cipatala, limanga wamalonda, limanganso Boma lomwe.

Nanga liuza cipatala kucita ciani? M'caka ca 1989 mabungwe awiri a maiko onse, la WHO loona za umoyo ndi la UNICEF loona za ana, analemba mfundo 10 zoti nyumba zoberekeramo zizitsata. M'caka ca 1990 nthumwi za maiko zinasonkhana ku Florence, m'dziko la Italy, m'nyumba yakale ya Innocenti imene inamangidwa kuti izilandira makanda otayidwa, ndipo zinapangana kuti maboma aimirire kuyamwitsa. M'caka ca 1991 inayamba nchito yoyesa zipatala ndi mfundo zija, ndi kucha zopambana mayesowo zipatala zokonda ana. Kuno kwathu inafika mu 1993. Mfundozo siziri zozama. Mwana akangobadwa agonekedwe pa cifuwa ca amace, thupi ndi thupi, ndipo ayamwe ora loyamba lisanathe. Agone ndi amace usana ndi usiku, osati m'cipinda cina. Asapatsidwe madzi kapena mkaka wa m'citini popanda cifukwa cimene dotolo waciona. Anamwino ndi azamba a pacipatala aphunzitsidwe kuthandiza ndi manja ao, osati ndi pakamwa pokha.

Wina adzati, Zing'onozing'ono zotere nkuzilembera lamulo? Inde, pakuti moyo wa khanda upacikika pa zing'onozing'ono. Kafukufuku wa ku Ghana wofalitsidwa mu 2006 anaonetsa kuti mwa makanda 100 ofa m'mwezi woyamba, 22 akadapulumuka onse akadayamba kuyamwa m'ora loyamba. Cithuwi cimene makolo anacitaya ndico cichinjiriza matumbo a mwana ku matenda. Cituruka pang'ono, koma ndi cokwanira, popeza kamimba ka mwana wa tsiku limodzi sikaposa nthudza. Ndiponso bere liri ngati citsime ca mumcenga: ukatunga, madzi abwera, ukaleka, cikwiririka. Tsono lingalirani usiku wina m'cipatala. Khanda lirikulira, amace atopa, ndipo wina wa mtima wabwino alipatsa botolo kuti anthu agone. Khanda lakhuta, siliyamwa. Bere losayamwidwa licepetsa mkaka. M'mawa mwace mai ayesa kufinya, naona timadontho, nati mumtima, Ine ndiribe mkaka. Bodza limeneli apita nalo kumudzi, ndipo pakutha masabata awiri lasanduka coona. Palibe amene anamfunira coipa. Cinasowa ndi munthu wodziwa, wokhala naye pansi, womuonetsa kuti mwana ayasamule kwambiri, cibwano cace cikhudze bere, asamangogwira kansonga kokha kamene kacititsa zironda.

Za amalonda tinene mwacidule. M'caka ca 1939 dotolo wamkazi, Cicely Williams, anaima pamaso pa akuruakuru ku Singapore, nanena poyera kuti imfa za ana zodza cifukwa ca kunyengerera amai ndi mkaka wa m'zitini ziyenera kuwerengedwa ngati kupha. Zinapita zaka 42 maiko asanamvere. Mu 1981, ku Geneva, maiko 118 anabvomereza malamulo oletsa kulengezetsa mkaka wotere ndi kuugawa kwaulere m'zipatala. Dziko limodzi lokha, la America, linakana. Citini mwa ico cokha siciri coipa, ndipo capulumutsa amasiye ambiri amene amao anatsikira kumanda. Koma citini caulere m'manja mwa mai wokhoza kuyamwitsa ndi nyambo. Cikatha, mawere auma, ndarama ya cina palibe. Mai asukulutsa ufawo kuti ukhalitse, ndi madzi a padambo, m'botolo losawiritsa, ndipo mwana atsegula m'mimba. Mai mmodzi sangalimbane ndi kampani. Boma likhoza.

Komatu tisadzinyenge kuti lamulo likalembedwa ndiye kuti lacitika. Kawerengedwe ka 2010 kanapeza kuti mwa ana 100 osakwana miyezi 6, ana 71 anali kuyamwa bere lokha popanda madzi kapena phala. Ka 2015 ndi 2016 kanapeza 61. Tinabwerera m'mbuyo pa zaka zomwezo zimene akazi anali kucuruka m'zipatala. Nchito yoyesa zipatala ija inazirala pamene thandizo la ndarama linacepa, ndipo ophunzitsidwa kale anasamuka, ena napuma. Namwino mmodzi woyang'anira akazi ambirimbiri usiku wonse, wina akutaya mwazi uku, wina alinkubuula uko, sangakhale pansi theka la ora ndi mtsikana amene mwana wace akana bere. Kumlembera mfundo 10 pakhoma osamuonjezera mnzace ndiko kumnyoza. Ndico cifukwa mu 2018 a WHO ndi UNICEF, pokonzanso mfundozo, anati zikhale nchito ya masiku onse ya cipatala ciri conse, yoyang'aniridwa ndi boma la dzikolo, osati ulemu wa zipatala zowerengeka.

Owerenga akumbukira kuti pamene Mose anabvuulidwa m'madzi, mwana wamkazi wa Farao anampereka kwa mai wace weniweni kuti amuyamwitse, namlonjeza mphoto. Ngakhale nyumba ya mfumu ya Aigupto inazindikira kuti kuyamwitsa ndi nchito, ndipo kuti woifuna ayenera kulipirapo. Boma lathu linacita motero mu 2011, pamene linayamba kupatsa akazi onse apakati ndi oyamwitsa okhala ndi kacirombo ka HIV mankhwala a moyo wao wonse, kuti ayamwitse ana ao osaopa. Ndipo maiko ena anatsanzira. Silinalamule mai kokha, linasenzako mtolo. Koma penanso dzanja lamanja lipereka cimene lamanzere lilanda. Ciphunzitso ca zipatala cinena kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, napitirize pamodzi ndi zakudya kufikira zaka 2 kapena kuposa. Pamene lamulo la anchito la caka ca 2000 linapatsa mkazi wolembedwa nchito masabata 8 okha akupuma. Miyezi 4 yotsalayo adzayamwitsa bwanji ali kuesiteti ya tiyi kapena m'sitolo? Ndipo mkazi wa kumudzi alibe womlemba nchito kuti ampumitse. Womlemba wace ndi khasu, mtondo ndi mtsuko, ndipo wokhoza kumpatsa chuthi ndi mwamuna wace yekha.

Coopsa ca lamulo liri lonse labwino ndi ici, kuti lisanduka mkwapulo m'manja mwa wopanda cisoni. Alipo akazi amene acitidwa opareshoni, osakhoza kudzuka. Alipo a mapasa, a zironda za kumawere, a ana obadwa masiku osakwana amene alibe mphamvu yakuyamwa. Wotere akamkalipira pamaso pa anzace kuti ngwaulesi, lamulo lija laphwanyidwa ndi iye amene ayesa kuti alisunga. Pamene mwana alephera kuyamwa, funso loyamba likhale lakuti, Anamthandiza mai uyu ndani, ndipo anakhala naye nthawi yotani?

Cotsala ndi tsiku lacitatu. Mkazi wocira bwino amaturutsidwa msanga, kawirikawiri mkaka weniweni usanadze. Udza ali kumudzi, mawere atatupa ndi kuuma gwa, mwana alikulira, cipatala ciri kutali. Mfundo yacikhumi inalembedwera usiku umenewo: cipatala cisamturutse mai cisanamuuze kumene akapeze thandizo kwao. Tsono thandizolo ndani? Ndi mlangizi wa zaumoyo, ngati ali pafupi. Koma oyamba kufika ndiwo amai a Cigwirizano kapena a Mvano odzaona mwana, ndi apongozi amene anagona kucitando masiku onse aja akuphikira mpongozi wao. Amenewa ndiwo adzanena ngati mwana apatsidwe phala kapena ai, ndipo mtsikana sadzawatsutsa. Komabe pamene namwino aphunzitsa m'cipinda ca ocira, agogowo amakhala ali kunja, alikusonkha moto pa mafuwa. Amene mukhala m'makomiti a zipatala zathu, kapempheni kuti pa ora la ciphunzitso aziitanidwa alowe, akhale pa mphasa pamodzi ndi ana ao, afunse zimene afuna kufunsa za cithuwi ndi za madzi a zitsamba, ndipo ayankhidwe mwaulemu monga akuru.